NYAMAKAZI SI IMODZI: DZIWANI KUSIYANA KWAKE

M'midzi yathu, munthu akamva kupweteka m'mfundo za mafupa, anthu angoti wadwala nyamakazi, ndipo ena athamangira kukamutema mphini. Koma madokotala anena kuti dzina limeneli libisa matenda osiyana-siyana. Awiri amene asokoneza anthu kwambiri ndiwo gout ndi rheumatoid arthritis.

Dokotala wa ku London, Alfred Garrod, anaonetsa mu 1848 kuti odwala gout ali ndi asidi wochedwa uric wocuruka m'magazi mwao. Mu 1859 iye yemweyo anapatsa matenda enawo dzina lakuti rheumatoid arthritis.

Gout ayamba pamene impso zalephera kucotsa asidiyo mokwanira. Asidiyo auma nasanduka timibulu tosongoka ngati singano m'kati mwa mfundo. Kawiri-kawiri agwira mfundo imodzi, makamaka ya cala cacikuru ca kuphazi, ndipo abwera mwadzidzidzi usiku. Calaco citupa, citentha, kotero kuti ngakhale bulangeti likacikhudza munthu alira. Patapita sabata imodzi kapena ziwiri ululu utha, koma ubweranso. Agwira kwambiri amuna, ndiponso azimai amene anasiya kusamba.

Kale gout anali kuganiziridwa kuti ndi matenda a anthu olemera okha, onga okhala m'nyumba zazikuru za ku Kabulonga ndi Woodlands. Izi si zoona. Mowa, nyama yambiri, ziwindi, matumbo ndi zakumwa za shuga zipezeka ku Kabwata, ku Chelstone ndi kumudzi komwe. Matenda a impso, mtundu wa makolo ndi mapilisi ena a BP okodzetsa athandiziranso.

Rheumatoid arthritis sacokera ku cakudya. Asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndi kulimbana ndi tizirombo, atembenukira mfundo za mwini wake. Matendawa ayamba pang'ono-pang'ono, nagwira zala ndi mfundo za manja onse awiri nthawi imodzi. M'mawa manja auma kwa ola lathunthu kapena kupitirira, mai nalephera kugwira mthiko kapena khasu. Bungwe la World Health Organization linati mu 2019 anthu 18 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 70 mwa 100 alionse anali akazi. Kusuta fodya kuonjezera ngozi.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika cifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Wodwala gout apatsidwa colchicine pa nthawi ya ululu, ndi allopurinol womwa tsiku ndi tsiku kuti asidi acepe. Wodwala rheumatoid arthritis afunika mankhwala onga methotrexate, omwa kamodzi pa sabata moyang'aniridwa ndi dokotala, ndipo mai woyembekezera sayenera kuwamwa. Akacedwa kuyamba mankhwala, zala zipindika ndipo siziongokanso.

Ambiri agula mapilisi oletsa ululu pamsika nawamwa miyezi yambiri. Mapilisi onga diclofenac, akamwedwa motero, abweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso.

Conco wodwala ayambe ku kiliniki yapafupi, kumene angamutumize ku cipatala cacikuru monga Chipata Central, St Francis ku Katete, kapena University Teaching Hospital mu Lusaka kukapimidwa magazi. Akafika, afotokoze bwino mfundo zimene zitupa, nthawi imene ziwawa, ndi mankhwala onse amene wakhala akumwa.