Cipata ca Titus: Zimene Mwala Uonetsa ndi Zimene Ubisa

Mumzinda wa Roma, pafupi ndi bwalo lamasewera la Colosseum, paima cipata cacikulu camiyala, cotalika mamita ngati 15. Mfumu Domitian ndiye anacimangitsa ca m'ma 81, pokumbukira mkulu wake Titus, amene anagonjetsa Yerusalemu m'caka ca 70. Ife Akristu cipataci citikhudza, pakuti mzinda umene cisimba ndi womwe uja Ambuye Yesu anaulirira.

Mukalowa pansi pake, muona zithunzi ziwiri zosemedwa pamwala. Mbali imodzi pali Titus atakwera galeta la akavalo anai, mulungu wamkazi wa cipambano akumuveka nkhata yaulemu. Mbali inayo pali mdipiti wa amuna osenza zofunkha za m'Kacisi: coikapo nyale cagolide ca nthambi zisanu ndi ziwiri, gome la mkate wopatulika, ndi malipenga. Limeneli ndi perete lomwe linacitika ku Roma m'caka ca 71. Mmisiri anali waluso zedi, moti anthuwo aoneka ngati akuyendadi. Mu 2012 akatswiri anapeza timadontho ta utoto wacikasu pa coikapo nyaleco, umboni wakuti kale cinali kuwala ngati golide weniweni.

Koma tafunsani, owerenga okondedwa: nanga akufa ali kuti? Josephus, Myuda amene anaona nkhondoyo ndi maso ake, analemba za njala yoopsa mumzindamo, za Kacisi akupsa ndi moto, ndiponso za anthu 97,000 otengedwa ukapolo. Pamwalapo palibe moto, palibe mtembo, palibe mwana wanjala. Wopambana ndiye analipira mmisiri, tsono mmisiri anasema zokomera wopambanayo. Pa ndalama zina zacitsulo za nthawiyo, Aroma anaikapo mayi wokhala pansi pa kanjedza, ali wacisoni, kuimira dziko la Yudeya. Koma naponso misozi yake anaiikapo kuti ikweze ulemu wa Roma.

Zofunkhazo anazisunga m'kacisi wacikunja wa ku Roma wochedwa Kacisi wa Mtendere. Taonani mmene ogonjetsa amachulira zinthu! Komabe akulu anati ng'oma yolira siicedwa kung'ambika. M'caka ca 455 mtundu wa Vandal unafunkha Roma, ndipo wolemba mbiri Procopius asimba kuti cuma ca ku Yerusalemu cija cinatengedwa kupita ku Carthage. Wofunkha naye anafunkhidwa. Lero coikapo nyale cenicenico cinasowa, catsala cithunzi cake cokha.

Kwa zaka mazanamazana Ayuda a ku Roma anali kukana kudutsa pansi pa cipataco, cifukwa kwa iwo cinali manda, osati cokongoletsa mzinda. Cozizwitsa ndi cakuti mu 1949 dziko la Israel linatengera coikapo nyale ca pamwala womwewo kukhala cizindikiro ca boma lake. Cithunzi cosemedwa kuti cinyoze mtundu cinasanduka umboni wakuti mtunduwo sunathe.

Conco tikaona cithunzi ca ngwazi yankhondo, kaya m'buku la sukulu, kaya pa wailesi yakanema, tisangoomba m'manja. Tiphunzitse ana athu kufunsa kuti: cumaci cinali ca yani, ndipo analira ndani tsiku limene cinatengedwa? Mmisiri anawaiwala anthu amenewo, koma Mulungu awadziwa ndi maina ao.