Kufufuza Bvuto la Magetsi m'Galimoto ya Dizilo Yoonjezedwa Mphamvu

Kwa Mfumu Tembwe, m'cigwa ca Luangwa m'boma la Chama, Asenga alima mpunga wambiri, ndipo mpungawo sufika kumsika popanda galimoto. Magalimoto amene alimba pa miseu ya kumeneko ndiwo a dizilo monga Toyota Hilux ndi Isuzu. Amuna ena amene agwira nchito zaka zambiri kumigodi ya ku Kitwe, Chingola kapena Solwezi agula galimoto yotere pobwerera kwao, ndipo asanacoke m'tauni aipereka kwa amisiri kuti aionjezere mphamvu. Tsono tsiku lina, galimoto ili yodzala ndi matumba, nyali yocenjeza iyaka patsogolo pa dalaivala, injini nifooka, pamene garaja yokhala ndi makina oyezera ili kutali ku Lundazi kapena ku Chipata. Kodi munthu ayambire pati?

Coyamba ayenera kudziwa kuti injini ya masiku ano yasiyana ndi ya kale. M'injini zakale pampu inali kuyeza dizilo ndi zitsulo zace zokha. Koma m'caka ca 1995 kampani ya Denso inaika njira yochedwa common rail m'malole a Hino, ndipo mu 1997 Bosch anaifikitsa m'magalimoto aang'ono. Hilux yotuluka mu 2005 ili nayo njira imeneyi. Dizilo asonkhana m'paipi imodzi yolimba, ndipo kompyuta ndiyo ilamula mainjekita nthawi yotsegula ndi muyeso wace. Kompyutayo siona kanthu payokha. Imva zimene masensa aiuza: wina anena liwiro la injini, wina kuculuka kwa mpweya wolowa, wina kutentha kwa madzi, wina mphamvu ya dizilo m'paipi muja. Ambiri mwa masensawa agwira nchito ndi mavolti 5 okha, motero dzimbiri pang'ono pa polumikizira waya likwanira kusokoneza uthenga wonse. Kompyuta ikalandira uthenga wosamveka, icepetsa mphamvu dala kuti iteteze injini.

Kuonjezera mphamvu kucitika m'njira ziwiri. Ena alembanso malamulo a m'kompyuta. Ena amangirira kabokosi pakati pa sensa ya paipi ya dizilo ndi kompyuta. Nchito ya kabokosi ka mtundu umenewu, kunena mosabisa, ndi kunama: kauza kompyuta kuti mphamvu m'paipi yacepa, ndipo kompyuta ikankhiza pampu kuti ionjezere. Cifukwa cace, pa galimoto yokhala ndi kabokosi, makaniko wanzeru ayamba wakacotsa nabwezera mawaya monga anacokera kufakitale. Nyali ikazima ndipo galimoto ikayenda bwino, mlandu wapezeka popanda kugula kanthu. Kawirikawiri colakwa si kabokosiko, koma polumikizira pace pamene palowa madzi powoloka mitsinje nthawi ya dzinja. Amene anasinthitsa malamulo a m'kompyuta alibe cocotsa ndi manja. Ndico cifukwa cace ayenera kupempha mmisiri asunge malamulo oyamba aja, kuti adzabwezedwe pakafunika.

Pambuyo pace pabwera batire. Anthu ambiri aidumpha cifukwa aona kuti nyali ziyaka, koma kompyuta ifuna zoposa pamenepo. Batire yabwino, injini itazima, ionetsa mavolti 12.6 pa mita yoyezera magetsi. Injini ikuyenda, muyeso ukhale pafupi ndi mavolti 14. Ukacepa kwambiri, alternator kapena lamba wace ndiye ali ndi bvuto. Pali waya wina wonenepa, wochedwa earth, wocokera ku batire kupita ku injini ndi ku thupi la galimoto. Mabampu a mseu wa dothi aumasula pang'onopang'ono, ndipo matope auumira ndi kuudyetsa dzimbiri. Waya umenewu ukalephera, masensa angapo aoneka ngati afa tsiku limodzi. Kumasula, kupala mpaka citsulo ciwale, ndi kumanganso zolimba kwaciritsa magalimoto ambiri amene eni ace anali okonzeka kugula kompyuta yatsopano. Mafyuzi aonedwenso, ndiponso mawaya atsatidwe ndi dzanja, pakuti galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe iitana makoswe, ndipo makoswe akonda kutafuna mawaya.

Izi zikatha ndipo pafika nthawi yofunsa kompyuta. Pansi pa ciongolero pali polowetsa makina pa mabowo 16, pochedwa OBD, pamene panakhala lamulo ku America kuyambira 1996 ndipo pambuyo pace panafalikira maiko ena. Lero pali tizipangizo tochipa tolowetsa pamenepo tolankhula ndi foni. Nambala imene ituluka ilembedwe papepala isanafafanizidwe. Koma apa ndi pamene ambiri ataya ndalama, cifukwa nambala ichula dera lokha limene muli bvuto, siichula citsulo cogula. Nambala ya P0087 itanthauza kuti mphamvu ya dizilo m'paipi yacepa. Wosadziwa athamangira kugula sensa. Wodziwa akumbukira kuti dizilo wa kumidzi afika m'migolo ndi m'zigubu, ndipo afika ndi pfumbi ndi madzi. Tsono ayamba wakhetsa madzi pansi pa sefa ya dizilo nasintha sefayo. Zikapitirira ayang'ana kavalavu ka pa pampu ya Denso kochedwa SCV, kamene kakonda kukakamira. Sensa ikhala yomariza kukayikiridwa. Nambala ya P0335 inena za sensa ya crankshaft, imene ikayamba kufa izimitsa injini ikatentha, niilola kulira ikazizira. Cizindikiro cina ndi muvi wosonyeza liwiro la injini umene sugwedezeka konse poliza.

Nambala zikatuluka zambiri nthawi imodzi, munthu asacite mantha. Masensa angapo agawana waya umodzi wa mavolti 5, ndipo mmodzi akapsa agwetsa anzace onse. Acotsedwe mmodzimmodzi uku mita ili kuyang'anidwa. Amene pomucotsa mavolti 5 abwerera, ndiye wolakwa. Sensa ya mpweya yokha idetsedwa ndi pfumbi la m'cilimwe, makamaka ngati amisiri anaika sefa yopakidwa mafuta. Itsukidwe ndi mankhwala ace opopera, osakhudza kawaya ka m'kati ndi cala kapena nsalu.

Pali cizolowezi cimodzi ca kale cimene ciyenera kusiyidwa. Amakaniko a injini zakale anali kumasula paipi ya injekita injini ikuyenda kuti acotse mpweya kapena kuti amve injekita yakufa. Pa common rail mphamvu ifika mabar 1,600 kapena kupitirira, pamene tayala ya galimoto yomweyo ikhala ndi mabar awiri kapena atatu. Dizilo wotuluka ndi mphamvu yotere aboola khungu nalowa m'mnofu. Bala lace lioneka laling'ono ngati la minga, koma munthu angathe kutaya cala kapena dzanja, ndipo wolasidwa motero apite naye kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale anene kuti samva kuwawa.