Matayala akuluakulu akubeba, koma giyabokosi ya otomatiki ikupsa

Mvula ikayamba, aliyense woyenda msewu wochoka pa Tsangano Turn-off kulowera ku Tsangano mpaka ku Neno amadziwa zomwe zimamudikira m'zigawo zomwe phula sanafike: matope, mizere yakuya yosiyidwa ndi malole a kachewere, ndi galimoto zokhula mimba pansi. Mankhwala omwe achinyamata ambiri a galimoto athamangirako ndi matayala akuluakulu. Pa Facebook ndi pa TikTok, Prado, Hilux Surf kapena Pajero yovala matayala ngati a thalakitala imakolola ma like, ndipo inenso ndimaima n'kuicheukira. Imabeba, tisanamizane.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti zambiri mwa galimotozi zidachokera ku Japan zitayenda kale, ndipo ndi za otomatiki.

Tiwerengere limodzi. Prado ndi Hilux zambiri zimabwera ndi matayala a 265/65R17, omwe kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 776. Omwe anyamata amawakonda, a 285/70R17, ndi mamilimita 831. Galimoto imakwera ndi theka chabe la kusiyanako, mamilimita 27, osakwana masentimita atatu. Si zachabe ayi, poti tayala lokha ndi lomwe limakweza diff ya kumbuyo kuti isagunde miyala. Masipuling'i amangokweza bodi. Koma tayalalo lakula ndi 7 peresenti, ndipo mphamvu yomwe limakankhira pansi yatsika ndi pafupifupi mlingo womwewo. Diff ya 4.10 imayamba kugwira ntchito ngati ya 3.83. Amene adapalasapo njinga ya magiya akudziwa ululu woyamba chitunda uli pa giya yolemera. Apa galimoto yalemeredwa choncho pa giya iliyonse, kuyambira yoyamba, ndiye uonjezerepo kulemera kwa tayalalo.

Pa manyuwale, dalaivala amamva yekha n'kubweza giya, chomwe chimavutika ndi kilatchi basi. Pa otomatiki nkhani ndi ina. Pakati pa injini ndi magiya pali torque converter, yomwe mungaiyerekeze ndi mafani awiri oyang'anizana m'chitini chodzaza oilo. Injini imazunguza imodzi, oilo n'kukankha inzakeyo. Katundu akachuluka, yakutsogolo imathamanga kusiya yakumbuyo, ndipo mphamvu yotayika pakatipo imasanduka moto mu oiloyo. Galimoto ikafika pa liwiro lokhazikika, kakilatchi kotchedwa lock-up kamamanga mafani awiriwo pamodzi kuti kutayikako kuthe. Ndi matayala aakulu, injini imazungulira pang'onopang'ono pa liwiro lomwelo: pomwe inkapanga 2,200 ikupanga cha m'ma 2,050. Kachitunda kakang'ono, phazi lapita pansi, lock-up yamasuka, giya yatsika, kenako yakweranso, yatsikanso. Mvetserani galimoto yotere pa zikweza za M1 pakati pa Ntcheu boma ndi Lizulu, imakhala ngati munthu wosowa pokhala pa maliro.

Kusinthasinthako kumadya timakilatchi ta m'kati mwa giyabokosi, ndipo kutentha kumapha oilo. ATF imagwira bwino ntchito pa madigiri a m'ma 80 mpaka 90. Ikamapitirira apo kawirikawiri imakalamba msanga, timphira totseka oilo timauma. Choipa kwambiri ndi pamene anthu adagulira matayalawo: kukwera mapiri a Kirk Range pang'onopang'ono, m'matope, matumba a kachewere ndi kabichi ali kumbuyo, mphepo yozizirira rediyeta ili yochepa. Toyota zambiri za 4x4 zili ndi nyali yolembedwa A/T OIL TEMP. Ikayaka si yoti muimate tepi. Imani pambali, ikani pa P, injini isiyeni ikulira mpaka nyaliyo izime.

A X-Trail, makamaka za petulo zoyambira mu 2007 zomwe zambiri ndi za CVT, inu ndiye chenjerani kawiri. Giyabokosi imeneyo imayendera lamba wachitsulo pa mapule awiri, ndipo kutentha ndi kulemedwa sizigwirizana nayo n'komwe.

Palinso tina tomwe anthu amadabwa nato. Sipidomita imayamba kunama: ikamati 80, mukuyenda pafupifupi 86, ndipo kamera ya apolisi apamsewu siifunsa saizi ya tayala. Ikati mwayenda makilomita 5,000, enieni ndi 5,350, ndiye sevisi imachedwa osadziwa. Mabuleki nawo amagwira ntchito yoonjezera potsetsereka.

Sindikunena kuti musakweze galimoto. Wokhala ku Tsangano kapena wotsikira ku Kasinje m'dzinja ali ndi chifukwa chomveka kuposa wa mu tauni amene matope amangowaonera pa foni. Koma ine nditafunsidwa ndinganene kuti sitepe imodzi ikukwana. Tayala la 265/70R17 ndi mamilimita 803, kukula kwa 3 peresenti ndi kakusefukira, ndipo giyabokosi yambiri imapirira. Kawirikawiri chimakutulutsani m'matope ndi mano a tayala, osati msinkhu wake. Wofunitsitsa a 285 aike pa bajeti kakuziziritsa oilo wa giyabokosi kapadera, ndipo njira yeniyeni yobwezera mphamvu ndi kusintha magiya a mu diff, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ntchito yomwe si galaja iliyonse ingaikwanitse.

Pa chitunda musamangosiya pa D. Dinani O/D OFF kapena tsitsani pa 3 kaya 2 kuti giya ikhazikike. M'matope oyenda mokwawa lowetsani L4. Injini imapepukidwa, torque converter n'kusiya kuterereka. Matayala onse anayi akhale ofanana, sipeya yomwe, chifukwa pa Prado mawilo onse amakoka nthawi zonse ndipo kusiyana saizi kumazunza diff ya pakati.

Ngati galimoto yanu ili ndi kandodo koonera ATF, kasololeni injini itatentha, mupukutire pa kansalu koyera. Wofiirira bwino ali moyo. Wakuda, wonunkha ngati nsima yopserera, akufunika makaniko sabata yomwe ino, ndipo mukanene kuti athiremo mtundu wolembedwa pa kandodopo kapena m'buku la galimoto, kaya ndi T-IV kaya WS, osati uliwonse wofiira womwe uli pa shelefu.