Kodi Mumadziwa? Galasi la Njinga Yamoto

Galasi lotchinga mphepo limene eni njinga zamoto amagula padera n'kumangirira kutsogolo si galasi lenileni ayi, ndi pulasitiki. La polycarbonate silisweka wamba, koma limakandika msanga; la acrylic limawala bwino ndipo n'lotchipirapo, kungoti mwala ukaligenda limang'aluka.

Mphepotu si yamasewera: liwiro likachoka pa makilomita 50 pa ola kufika pa 100, mphamvu yake pachifuwa imachuluka kanayi. Galasi lalifupi limateteza chifuwa chokha, mutu n'kumagwedezeka ndi mphepo. Lalitali kwambiri limatchinga mvula bwino, koma lilibe mawaipa, ndiye madontho akadzaza msewu suonekanso. Sankhani lolekezera cha pamphuno mukakhala pachishalo, kuti maso aziona pamwamba pake.