Amalandira malipiro kaamba kophwanya mabuloko

Azakhali anga amagulitsa mpunga mumsika wa Mchesi ku Lilongwe. Mpungawo amakaoda kwathu ku Bwanje, kunsi kwa mapiri a Dedza, ndipo inu amene mumachita geni imeneyi mukudziwa kuti phindu lake limabwera mwapang'onopang'ono. Kwa zaka zisanu mayiwa anakhala akuponya kangachepe ku banki m'khonde ndi cholinga chomanga kagolosale pa Golomoti, poti amati munthu sakalambira m'tauni.

Anamangadi. Mabuloko anagula kwa mkulu wina woumba m'mbali mwa msewu, malata anaoda m'tauni, simenti anakweza pa lole. Tsiku lofolera tinapha nkhuku ziwiri. Koma abale, mvula yoyamba itangogwa, khoma la kuseri linayamba kunyenyeka ngati chigumu. Ukakanda buloko ndi chikhadabo, mchenga umangoyoyoka. Dzinja lisanathe khomalo linali pansi, ndipo malata aja mphepo inali itawapinda ngati pepala lokulungira fodya.

Azakhali si munthu wolira msanga, koma tsiku limenelo ndinawapeza atakhala pamulu wa mabuloko ogumukawo atagwira tsaya. "Iwe unapita kusukulu, tandiuza mwanawe, ndikanadziwa bwanji ine kuti mabulokowa ngabodza?" Ndinasowa choyankha.

Mnzanga wa pa Mtakataka

Yankho ndinalipeza patapita miyezi, pa siteji ya Mtakataka, pomwe ndinakumana ndi mnzanga amene tinalembera limodzi mayeso a Fomu 4. Anali atavala jombo ndi chijekete chonyezimira chija cha anthu okonza misewu. Nditamufunsa ngati wayamba ganyu yokumba ngalande, anaseka n'kundiuza kuti ntchito yake ndi yophwanya konkire, ndipo mwezi ukatha amalandira. Ndinaona ngati akundiputsitsa mpaka ananditengera ku kampu ya kontilakitala wina wa misewu komwe amagwira ntchito mu labotale.

Musaganize za labotale ya kuchipatala ayi. Umu munali fumbi, masefa, masikelo, uvuni youmitsira dothi, thanki ya madzi ndi chimakina chachitsulo chofinya zinthu.

Amisiri akangosakaniza konkire, mnzangayo amatapako n'kuthira m'chitini chonga ndowa yopanda pansi, chotalika masentimita 30. Amathira katatu, ulendo uliwonse n'kusinja ka 25 ndi kachitsulo, kenako n'kuzula chitinicho. Konkireyo ikaphwasuka kwambiri ndiye kuti madzi achuluka, ndipo konkire yochuluka madzi silimba. Ina amaithira m'zikombole za masentimita 15 mbali zonse. Mawa lake timiyala totuluka m'zikombolemo amativiika m'thanki, tina n'kutiphwanya pakatha masiku 7, tina pakatha masiku 28. Ngati injiniya analamula konkire ya nambala 25, kamwala kamodzi kayenera kupirira kulemera kwa matani oposa 50 kasanasweke. Kakasweka msanga, chomwe chamangidwacho chimafufuzidwa, ndipo nthawi zina chimagwetsedwa kuti kontilakitala amangenso ndi ndalama zake.

Si konkire yokha. Mchenga amausefa kuti aone ngati ulibe matope. Dothi la pamsewu amalikumba pang'ono makina otsendera akadutsa, n'kuliyeza ngati latsenderekadi. Zitsulo zomangira, zija mumazitcha Y10 ndi Y12, m'malabotale akuluakulu amazikoka ndi makina mpaka ziduke, zina n'kuzipinda kuti aone ngati sizing'aluka.

Ulendo wachiwiri ndinanyamula buloko limodzi la azakhali pa kabaza. Linaphwanyika chimakina chija chisanayambe n'kulira komwe. Mnzangayo anatola zidutswa n'kundionetsa zinthu ziwiri: simenti anali wochepa zedi, komanso mabulokowo sanathiriridwe madzi ataumbidwa. Buloko limafunika kuthirira kwa sabata yathunthu, osati kuliyanika padzuwa la ku Golomoti ngati usipa.

Kwathu kuno nthaka siseka ndi munthu

Ntchito imeneyi kunsi kwa Dedza ndi yofunika koposa. M'chigwa cha Bwanje malo ambiri ndi a makande, dothi lakuda lomwe limafufuma likamwa madzi n'kung'ambika likauma. Nyumba yomangidwa pamakande popanda maziko oyenera imachita ming'alu ngakhale mabuloko atakhala abwino.

Komanso dera la m'mbali mwa nyanja ndi la zivomerezi. Ine ndinali ndisanabadwe, koma akuluakulu a ku Mua ndi Mtakataka saiwala chivomerezi cha pa 10 March 1989 chomwe chinachokera cha ku Salima, n'kupha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona. Madzi nawo sachita chibwana: sikimu ya mpunga ya Bwanje ya mahekitala 800, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, inaonongekapo ndi kusefukira kwa mtsinje wa Namikokwe patangopita zaka zochepa itatsegulidwa, mpaka anachita kuikonzanso.

Chikamangidwa bwino chimakhalitsa. Pa mishoni ya Mua, yomwe ansembe a White Fathers anayamba mu 1902, nyumba zina zakale zikanaima mpaka lero. Ndipo zomangamanga kwathu sizikutha. Mu 2022 kampani ya JCM Power inatsegula pa Golomoti malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20. Pali msewu wa M5, pali wokwera ku Khwekhwerere, pali wa ku Monkey Bay, palinso njanji, zonse zofuna kukonzedwa nthawi ndi nthawi. Ntchito zazikulu zotere siziyenda popanda munthu woyeza dothi ndi konkire.

Chinanso n'chakuti mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Kuyambira pamenepo oumba mabuloko achuluka ngati nyerere, ena aluso, ena ongofuna ndalama. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: buloko labodza ndi lenileni ndi maso sungazisiyanitse.

Chidindo chija chimachokera kuti?

Inu a mumsika a Malawi Bureau of Standards mumawadziwa, chifukwa ndi omwe amabwera kudzayeza masikelo anu. Ena mwa inu mukawaona mumabisa sikelo pansi pa benchi, tisanamizane. Koma bungwe lomweli, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre, ndi limene limayezanso simenti, malata, zitsulo, mapaipi ndi penti.

Kuti katundu akhale ndi chidindo cha MBS, anthu a bungweli amapita kufakitale, amaona momwe akupangira, amatengako katundu wina n'kukamuyeza ku labotale. Akakhoza, kampani imapatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito chidindocho, ndipo amabwerabe nthawi ndi nthawi kudzaona ngati zinthu sizinasinthe. Katundu wochokera kunja naye amaunikidwa akamalowa pa zipata monga Dedza, Mwanza, Mchinji ndi Songwe.

Manambala aja a 32.5 ndi 42.5 pathumba la simenti si zokongoletsa. Amanena mphamvu ya simentiyo pakatha masiku 28. Wa 32.5 ayenera kupirira makilogalamu pafupifupi 330 pa kamalo kochepa ngati chikhadabo. Pali munthu amene amadzuka m'mawa kukatsimikiza zimenezi, kaya kufakitale ya Shayona ku Kasungu, ya Cement Products ku Mangochi kapena ya Portland ku Blantyre. Boma nalo lili ndi labotale yake ya Central Materials Laboratory ku Lilongwe yoyeza zipangizo za misewu ndi milatho. Anthu onsewa ndi ana a anthu ngati inu nomwe.

Mwana wanu angalowe bwanji?

Khomo loyamba ndi lomwe analowera mnzanga uja. Iye alibe dipuloma. Ali ndi MSCE yokhala ndi masamu ndi sayansi basi. Anamva kuti kontilakitala akufuna anyamata, anapita ndi satifiketi yake, ndipo poona kuti amatha kuwerenga sikelo ndi kulemba manambala mwaukhondo, anamuika mu labotale. Miyezi yoyamba ankangotsuka zikombole ndi kunyamula matumba a dothi. Lero amayeza yekha, wamkulu wake n'kungosayinira. Akuti chinsinsi n'kufunsa, poti safunsa anadya phula.

Khomo lachiwiri ndi masukulu a ntchito zamanja. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limalengeza m'nyuzi ndi pawailesi likamatenga ophunzira opita ku makoleji monga Salima, Lilongwe, Namitete, Soche, Nasawa ndi Mzuzu. Amene waphunzira zomanga nyumba kumeneko amakhala akudziwa kale kasakanizidwe ka simenti, ndipo akamapita kukaphunzira pantchito akhoza kupempha kuti amuike ku labotale. Makampani amalipira msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti maphunziro amenewa ayende, choncho mwana wopempha malo ophunzirira sakupempha chifundo.

Khomo lachitatu ndi la amene akhoza bwino kwambiri. Ku MUBAS, yomwe mpaka 2021 tinkaitcha Polytechnic, kuli maphunziro a uinjiniya wa misewu, milatho ndi nyumba. Awa ndi amene amadzakhala akuluakulu a malabotale, kapena kulembedwa ku MBS, ku Roads Authority ndi kumakampani a mainjiniya oyang'anira ntchito za makontilakitala. Wosowa fizi akhoza kupempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira a m'mayunivesite.

Ndipo amayi, musati iyi ndi ntchito ya anyamata okha. Mu labotale ndinapitamo ija munali mtsikana amene ndiye ankasunga mabuku onse a zotsatira, ndipo akakana kuti dothi silinatsendereke, folomani wa ndevu zake ankabweza makina.

Wakutsina khutu ndi mnansi

Ndisakunamizeni kuti ndi ntchito ya mpando wandalema. Fumbi ndi lako, dzuwa ndi lako, ndipo konkire ikamathiridwa usiku nawe umagona pomwepo. Ntchito za kwa kontilakitala zimatha msewu ukatha, ndiye wanzeru amapempha kalata yaumboni asanachoke, n'kusungako ndalama zokawonjezera sukulu. Malo m'mabungwe a boma ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri.

Chenjeraninso ndi atsizinamtole oyenda m'misika kunena kuti perekani ndalama mwana wanu timulowetse ntchito. Ntchito yeniyeni sagula.

Koma yesero lalikulu ndi ili. Munthu woyeza amasunga cholembera chomwe chingaimitse ntchito ya mamiliyoni. Tsiku lina kamwala kaja kadzasweka msanga, ndipo wina adzabwera ndi envulopu kuti nambala isinthidwe. Mnzanga uja anandiuza kuti zoterezi zinamuchitikirapo ndipo anakana, osati chifukwa choopa a Anti-Corruption Bureau okha, koma poti kamlatho kameneko amadutsapo ndi mayi ake popita kuchigayo. Ngati mwana wanu amabera makasitomala pa sikelo inu mukuona n'kumamuyamikira kuti ndi wochenjera, ntchito iyi musamutumizeko, adzapha anthu.

Inu ogulitsa ndi ogula

Podikira kuti ana aphunzire, pali zina zomwe tingachite tokha. Pogula simenti onani chidindo ndi tsiku lomwe anapangidwa, ndipo thumba likhale la makilogalamu 50. Simenti wokhalitsa miyezi yoposa itatu, kapena wochita mibulu, mphamvu zake zimakhala zitatsika. Pa malata kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapepuka: la 28 ndi lochindikala kuposa la 32. Azakhali analipira mtengo wa 28 koma anawapatsa opyapyala, ndipo lisiti sanatenge. Mchenga uthireni m'botolo la madzi, khutchumulani, usiyeni ukhazikike. Matope akachuluka pamwamba, usiyeni. Buloko likandeni ndi msomali, lina muliviike m'madzi usiku wonse musanalipire lole yathunthu.

Ndipo inu a mahadiweya a ku Malangalanga, ku Limbe ndi ku Ndirande, kasitomala amene mwamugulitsa lata labodza sabweranso, ndipo akafika kumudzi amauza mudzi wonse. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Azakhali ayambanso kuponya ku banki m'khonde. Akuti ulendo uno sagula buloko asanaliviike m'madzi. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, ndipo anali ataganiza zosiya phunziro la sayansi poti akuti ndi lovuta. Nditawafotokozera zomwe ndinaona mu labotale muja, azakhali anapita okha kukaonana ndi ahedi, n'kugula buku la masamu ndi ndalama ya thumba limodzi la mpunga. Holide ikubwerayi mtsikanayu ndikupita naye ku kampu kuja kuti akaone ndi maso ake momwe amaphwanyira konkire.