NDALAMA ZAFIKA PA TELEFONI, NANGA OZIWERENGERA ALI KUTI?

TETE — M'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde ndalama zasintha kayendedwe. Mlimi amene kale ankakwirira ndalama za fodya m'chitini lero akutumizira mwana wake ndalama pa telefoni. Koma pali funso limene makolo ayenera kulisinkhasinkha. Kodi ntchito zowerengera ndalama, zokonza makina ndi zoyendetsa malonda adzazigwira ndani zaka zikubwerazi ngati ana athu sakuziphunzira?

Kusowa kwa anthu odziwa ntchito si kwachilendo m'dziko muno. Titalandira ufulu mu 1975, Apwitikizi ambiri amene ankagwira ntchito m'mabanki, m'masitolo ndi m'maofesi anachoka, ndipo boma linachita kuitana akatswiri akunja, aja tinkawatcha makoperante. Kenaka nkhondo inatseka masukulu ambiri mpaka mtendere wa 1992, kotero ana ochuluka anakula osaponda m'kalasi.

Zomwezo zinaonekanso pa malasha a ku Moatize. Kampani ya Vale itayamba kutulutsa malasha mu 2011, ntchito zambiri za malipiro abwino zinapita kwa anthu ochokera ku Maputo, ku Beira ndi kunja kwa dziko, chifukwa anthu a kuno okhala ndi mapepala oyenera anali ochepa. Mgodiwo unagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, koma phunziro lake lidakalipo: ntchito ikabwera siyembekeza kuti munthu ayambe wapita kusukulu.

Tsopano ntchito zikufika pakhomo penipeni. M-Pesa inayamba m'dziko muno mu 2013, e-Mola inabwera pambuyo pake, ndipo mu 2016 boma linakhazikitsa pulogalamu ya “Um Distrito, Um Banco” kuti boma lililonse likhale ndi banki. Banki imafuna owerenga ndalama, oyesa ngati munthu angathe kubweza ngongole, ndi okonza makompyuta. Ajenti wa pamsika ayenera kudziwa madzulo alionse ndalama zimene zili m'bokosi ndi zimene zatsala pa telefoni. Bungwe la alimi a kachewere kapena soya likafuna ngongole limafunsidwa NUIT ndi kaundula wa zolowa ndi zotuluka. Popanda msungichuma wodziwa kulemba, ngongole imawapitirira, ndipo mamembala amayamba kukayikirana. Komanso pamudzi pamene palibe wodziwa za matelefoni ndi pamene akuba amapezerapo mwayi: amatumiza uthenga wabodza, n'kupempha nambala yachinsinsi.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, 39 sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo vutoli ndi lalikulu kwambiri kumidzi ndi pakati pa amayi. Lamulo la ntchito limateteza nzika: pakampani yaikulu alendo ololedwa mosavuta ndi 5 pa antchito 100 alionse, payapakati 8, payaing'ono 10. Komatu lamulo limangosunga mpando, wokhalapo ayenera kukhala ndi maphunziro.

Malo ophunzirira alipo m'chigawo chathu chomwechino. Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, imaphunzitsa za migodi, za makompyuta ndi ntchito ya ukontabilista, ndiko kuti kulemba ndi kufufuza mabuku a ndalama. Ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya UniZambeze. Koma pakhomo pa masukulu amenewa palowa yekhayo amene watsiriza kalasi ya 12. Lamulo la 2018 limakakamiza mwana kuphunzira mpaka kalasi ya 9 basi, ndiye kuti zaka zitatu zotsalazo zili m'manja mwa makolo.

Mwana wa m'malire ali ndi mwayi umene mnzake wa ku Maputo alibe. Amakula akusintha metikali ndi kwacha pamtima, amalankhula Chichewa ndi ogula a ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo ena amamvako Chingerezi. Pa Zóbuè, pa Calómuè ndi pa Cassacatiza katundu sawoloka popanda mapepala, tsidya lino m'Chipwitikizi, tsidya linalo m'Chingerezi. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa masamu ndi zilankhulo ziwirizi ndi amene amalonda adzamufunefune.

Tsono inu makolo ndi mafumu, nyengo yokolola kapena yosoka fodya ikafika musamutulutse mwana m'kalasi. Mtsikana musamukwatitse asanatsirize sukulu. Amene wafika kale kalasi ya 9 mpatseni kaundula wa bungwe kapena wa kagolosale ka pakhomo azilemba, azolowere. Akulu anati m'mera mpoyamba. Kontabilista amene banki ya pa boma lanu idzamufune zaka 10 zikubwerazi, lero ali ku pulayimale, ndipo mwina akugona m'nyumba mwanu.