Mkuwa wa ku Nagasaki ndi Zombo za ku Amsterdam

Omvera a ku migodi adziwa kuti mkuwa ndiwo cuma coyenda ulendo wautali. Zaka 300 zapitazo, dziko lochuka ndi mkuwa linali Japan, ndipo amalonda a ku Ulaya anaoloka nyanja zazikuru kukaufuna.

Oyamba kufika kumeneko anali Apwitikizi, m'caka ca 1543. Koma olamulira a Japan anaopa kuti alendowo, pamodzi ndi cipembedzo cao, adzalanda dziko. Cotero anawapitikitsa mu 1639. Mwa Azungu onse analola Adachi okha, ndiwo anthu a ku Holland, amene kampani yao ya malonda a Kum'mawa inakhazikitsidwa mu 1602.

Ulendo wao unali wobvuta. Combo ca matanga cocokera ku Amsterdam cinazungulira kunsi kwa Afirika, ndi kutha miyezi ngati 8 cisanafike ku Batavia, mzinda umene lero uchedwa Jakarta. Kucokera pamenepo zombo zina zinatenga silika, shuga ndi mankhwala kunka nazo ku Nagasaki, poyendera mphepo ya nyengo yace.

Pofika ku Nagasaki, alendo sanaloledwe kuyenda monga mwa kufuna kwao. Kuyambira 1641 anawasunga pa Dejima, kacisumbu komangidwa ndi manja a anthu, kolumikizidwa ndi mzinda pa ulalo umodzi wokha wokhala ndi alonda. Combo cikafika, akapitao a boma anacisanthula ndi kusunga zida zace kufikira tsiku lobwerera.

Poyamba Adachi anakonda siliva, koma mu 1668 boma linawaletsa kumturutsa m'dziko. Pamenepo mkuwa unasanduka mutu wa malonda. Anaukumba m'migodi monga wa Besshi, umene unatsegulidwa mu 1691, nauyenga ku Osaka, nauumba timipiringidzo toonda, nauika m'mabokosi olemera mapaundi ngati 130. Wambiri sunafike konse ku Ulaya: Adachi anaugulitsa ku India, nagula nao nsaru zimene anapindula nazo m'maiko ena.

Poona kuti cuma ca pansi cirikutha, ndi kuti mgodi sumeranso monga cimanga, boma linaika lamulo mu 1715 lakuti zombo za Adachi zisapose ziwiri pa caka, ndipo linaika malire a mkuwa woturuka. Amalonda anadandaula, koma anamvera, pakuti cipata cinali cimodzi ndipo mfungulo inali ndi eni dziko.

Malonda a pa Dejima anatha pamene Japan anatsegula madoko ena mu 1859. Patapita zaka 100, zinthu zinatembenuka: m'zaka za 1960 Japan anali pakati pa ogula akuru a mkuwa wa m'Zambia, ndipo mgodi wa Besshi unatsekedwa mu 1973.